Timakadi ta mafunso: njira yosalira ndalama yokonzekera mayeso

CHIWANGA, boma la Lago – Mayeso otsiriza chaka amafika mu Novembala ndi Disembala, nthawi imene mabanja ali kalikiliki kusosa ndi kubzala ndi mvula yoyamba. Mwana akaweruka kusukulu amapita kumunda, kukatunga madzi kapena kukayanika usipa. Akamadzatsegula kope, dzuwa lalowa ndipo thupi latopa.

Vuto lina ndi chilankhulo. Kunyumba ku Chiwanga, Messumba, Metangula mpaka ku Cóbuè mwana amalankhula Chinyanja, koma mayeso a m'makalasi apamwamba amalemba m'Chipwitikizi. Lamulo la maphunziro la 2018 likuti mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi 9, choncho mawu oti asunge m'mutu ndi ochuluka. Timakadi ta mafunso tingathandize pamenepa.

Timakaditi n'chiyani?

Ndi timapepala tolimba, tating'ono ngati chikhatho. Mbali imodzi mumalemba funso, kuseri yankho. Katoni yakale ya sopo kapena chikuto cha kope lotha ndi zokwanira.

Kadi imodzi ikhale ndi funso limodzi basi. Kutsogolo "chinangwa", kuseri "a mandioca". Kutsogolo "7 x 8", kuseri "56". Kutsogolo "Msonkhano waukulu wachiwiri wa Frelimo unachitikira kuti, liti?", kuseri "Matchedje, Niassa, 1968".

Pa mawu a Chipwitikizi musasiye "o" kapena "a" wa kutsogolo. Ana ambiri amayesa kuti mawu onse othera ndi "a" amatenga "a", chikhalirecho timati "o problema", "o dia", "o mapa". Kadi ikakhala ndi mawu onse awiri, mwana amawaloweza limodzi.

Mwana alembe yekha makadi ake, popeza polembapo kuphunzira kwayamba kale. Koma aphunzitsi kapena mkulu wake aone kaye mayankho, kuopa kuloweza cholakwa.

Chifukwa chake zimagwira ntchito

Mu 1885 katswiri wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anaonetsa kuti zimene taphunzira kumene timaziiwala msanga m'maola ndi masiku oyamba, ndipo kubwereza patapita nthawi kumachedwetsa kuiwalako. Mlimi akudziwa kuti munda supaliridwa kamodzi. Kuchezera usiku wonse mayeso ali mawa kuli ngati kupalira udzu utatha kale chimanga.

Chachiwiri, kuwerenga tsamba kambirimbiri kumanyenga. Maso amazolowera mawu, mwana n'kumati akudziwa, koma pa mayeso buku palibe. Kadi imamukakamiza kutulutsa yankho m'mutu mwake, monga adzachitire tsiku la mayeso. N'chifukwa chake lamulo lalikulu ndi ili: nenani yankho mokweza musanatembenuze kadi. Mukasuzumira kuseri, mwadzinamiza nokha.

Zitini zitatu

Mtolankhani wa ku Germany, Sebastian Leitner, anafalitsa mu 1972 njira yosanja makadi m'mabokosi. Kwathu kuno zitini zitatu kapena timatumba ta shuga titatu tikwanira, bola makadi asanyowe.

Chitini choyamba: makadi atsopano ndi ovuta. Awa ndi a tsiku lililonse.

Chitini chachiwiri: amene mwayankha bwino kamodzi. Muwaone pakapita masiku atatu.

Chitini chachitatu: amene mwayankhanso bwino. Kamodzi pa sabata.

Kadi imene mwalephera imabwerera m'chitini choyamba, ngakhale inali itafika m'chachitatu. Motero nthawi yambiri imapita pa zimene zikukuvutani, osati pa zimene mukudziwa kale.

Mphindi 15 pa tsiku n'zokwanira, ndipo makadi atsopano asapitirire khumi. Muziwasakaniza nthawi zonse, kuopa kuloweza mndandanda m'malo mwa mayankho. Mawu a chilankhulo muwayese mbali zonse: lero kuchokera ku Chinyanja kupita ku Chipwitikizi, mawa mobwerera. Makadi amalowa m'thumba, choncho mwana angawaone popuma kumunda, podikira pa mjigo kapena poyenda ndi anzake kupita kusukulu, kukadali kowala.

Mbali ya makolo

Ngakhale inu bambo kapena mayi simudziwa kuwerenga, muli ndi gawo lanu. Gwirani kadi, mwana anene yankho, kenaka mutembenuze, mnzake kapena m'bale wake atsimikize. Onaninso zitini Loweruka lililonse: ngati choyamba chikungodzaza osachepa, pali phunziro limene mwana sanalimvetse, ndipo ndi bwino kukaonana ndi aphunzitsi msanga.

Zimene makadi sangachite

Makadi amathandiza pa mawu, zaka, malamulo a masamu ndi matanthauzo aafupi. Saphunzitsa kulemba chimangirizo kapena kusova samu yaitali. Zimenezo zimafuna kope, cholembera ndi kuyeserera. Komanso musalembe pa kadi chinthu chimene simunachimve. Funsani kaye m'kalasi, mukamvetsa ndiye mulembe.

Amene ayamba pa chiyambi cha chaka amafika pa mayeso ali ndi mtolo wake kale. Koma ngakhale kwatsala masabata anayi, dulani katoni lero, lembani makadi khumi a phunziro limene likuvuta kwambiri, mawa muonjezere ena.