Kodi Galimoto Yapamwamba Imafunadi Petulo Wodula?

Woyendetsa galimoto akaima pamalo omwetsera mafuta ku America, pampu imamuonetsa mabatani atatu: 87, 89, ndi 91 kapena 93. Ku London amasankha pakati pa 95 ndi 97 kapena kuposerapo, ku Johannesburg pakati pa 93 ndi 95. Kuno kwathu womwetsa mafuta akafika pawindo nthawi zambiri amangofunsa kuti petulo kapena dizilo, komabe nkhaniyi ndi yathu ndithu, popeza magalimoto amene timaitanitsa kunja anapangidwira pampu za mabatani angapozo. Anthu ambiri amaona nambala yaikulu ngati ufa woyera, yaing'ono ngati mgaiwa, n'kumati Benz kapena BMW siyenera kudya za anthu wamba. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo amawonongetsa ndalama mbali ziwiri: ena amalipirira chimene injini yawo singachigwiritse ntchito, ena amamana injini chimene singakhale bwino popanda icho. Chosankha petulo si mtengo wa galimoto kapena chizindikiro cha pa boneti, koma kapangidwe ka injini.

Tiyeni tilowe mu silinda. Pisitoni ikamakwera imapanikiza mpweya wosakanikirana ndi petulo mpaka kumalo ochepa kakhumi kapena kuposa pamene unali. Pulagi imathetheka, moto n'kuyamba kufalikira kuchokera pamenepo monga umayendera pa udzu wouma, mofulumira koma mwadongosolo, ukukankha pisitoni kuti itsike. Vuto limabwera pamene mpweya wotsalira m'mbali, umene moto sunaufikire, watentha ndi kupanikizika kwambiri mpaka kuphulika wokha. Kuphulika kumeneko kumamenya pisitoni ngati nyundo, ndipo kunja kumamveka ngati timiyala tikugwedezeka m'chitini, makamaka pokwera chitunda. Kugogoda kumeneku n'kosiyana ndi kumene amakaniko amanena akati injini yanoka chifukwa chosowa oilo, koma kukapitirira mapeto ake ndi ku galaja komweko: mutu wa pisitoni umadyeka, maring'i amathyoka, gasiketi imapsa.

Nambala ya pa pampu ija, imene imatchedwa okiteni, imayeza chinthu chimodzi chokha: kupirira kwa petulo kuti asaphulike yekha akapanikizidwa. Muyeso wake anaukonza ndi katswiri wa ku America, Graham Edgar, m'zaka za m'ma 1920, potenga mankhwala awiri. Wina wotchedwa heptane, wosachedwa kuphulika, anamupatsa 0. Wina wotchedwa isooctane, wopirira kwambiri, anamupatsa 100. Petulo wa 95 ndi amene amapirira mofanana ndi msakanizo wa magawo 95 a isooctane ndi 5 a heptane. Nambalayi sikunena chilichonse za mphamvu imene ili mu lita. Umboni tili nawo pakhomo pompano. Ethanol wopangidwa kuchokera ku nzimbe, amene Malawi anayamba kusakaniza ndi petulo mu 1982 fakitale ya ku Dwangwa itatsegulidwa, okiteni wake amapitirira 100, koma lita yake ili ndi mphamvu pafupifupi magawo awiri okha mwa atatu a lita ya petulo.

Nanga bwanji magalimoto ambiri apamwamba amafuna petulo wa nambala yaikulu? N'chifukwa choti owapanga amafuna mphamvu zochuluka kuchokera mu injini yaing'ono, ndiye amapanikiza mpweya kwambiri kapena amaikamo turbo youkankhira mu silinda. Injini yotere ikapatsidwa petulo wopirira imatulutsa zonse zimene anailengera. Mazda inalemba poyera za injini yake ya malita 2.5 ya turbo imene inaikidwa mu CX-9 mu 2016: pa petulo wa 93 wa ku America imatulutsa mphamvu zokwana 250 pa muyeso wa horsepower, pa wa 87 imatulutsa 227. Koma taonani Lexus ES 350, galimoto ya mipando yachikopa imene aliyense angaitche yapamwamba: ku America buku lake limati petulo wamba wa 87 ndi wokwanira. Mercedes-Benz m'dziko lomwelo imalamula 91. Onsewa ndi magalimoto odula, koma injini zawo zinakonzedwa mosiyana.

Pali amene amati zonsezi ndi zakale, injini zamasiku ano zimadziteteza zokha, choncho thirani wotchipa basi. Mfundo yawo ili ndi gwero. Pa thupi la injini pamakhala kasensa komvetsera kunjenjemera, ndipo kakamva kugogoda kompyuta imachedwetsa kuthetheka kwa pulagi, nthawi zina n'kuchepetsanso mphamvu ya turbo. N'chifukwa chake kuthira thanki imodzi ya petulo wamba pamene wina wasowa sikupha galimoto, bola woyendetsa asapondereze kwambiri. Koma kasensako kamayamba kamva kugogoda kenaka n'kuchitapo kanthu, ndipo kompyuta ili ndi malire a pamene ingachedwetsere moto. Moto wochedwa umapereka mphamvu zochepa, umadya mafuta ambiri, umatenthetsanso utsi umene ukudutsa mu turbo. Ganizirani galimoto yodzaza anthu asanu ndi katundu, ikukwera msewu wokhotakhota wochokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre masana a mu Okutobala, choziziritsa chili choyatsa. Pamenepo ndi pamene malire aja amafikidwa. Chitetezo chimene anachiikira tsiku la mavuto sichiyenera kusanduka kayendetsedwe ka tsiku lililonse, ndipo wopanga galimoto akalemba kuti petulo wakuti ndi wokakamiza, ndi bwino kumumvera.

Mawu a m'buku la galimoto ndi oyenera kuwawerenga mofatsa, chifukwa kulamula n'kosiyana ndi kulangiza. Bungwe la oyendetsa magalimoto la AAA ku America linayesa mu 2017 magalimoto amene owapanga amangolangiza petulo wodula osakakamiza. Linapeza kuti mtunda woyenda pa lita unawonjezeka ndi 2.7 peresenti pa avereji, mphamvu ndi 1.4 peresenti, pamene petuloyo anali wokwera mtengo ndi 20 mpaka 25 peresenti. Pa galimoto yotere mwini wake ali ndi ufulu wosankha, ndipo amene amangoyenda m'tauni sataya kanthu kooneka akasankha wamba. Chaka cha 2016 bungwe lomwelo linayesa magalimoto opangidwira petulo wamba, ndipo silinapeze phindu lenileni powathira wodula. Linawerengera kuti anthu a ku America anataya madola 2.1 biliyoni m'chaka chimodzi pa chizolowezi chimenechi.

Ena amati petulo wodula amatsuka injini. Chimene chimatsuka si okiteni koma mankhwala othiridwa m'mafuta, ndipo n'zoona kuti makampani ena amathira ochulukirapo mu petulo wawo wodula. Komabe muyeso wa Top Tier umene opanga magalimoto angapo anakhazikitsa mu 2004 umafuna kuti malo omwetsera amene alowamo aike mankhwalawa mokwanira mu petulo wa mitundu yonse, wotchipa yemwe. Wodera nkhawa za ukhondo wa injini ayang'ane kumene akugula mafuta. Petulo wa m'zigubu pamsewu, wosadziwika chimene chasakanizidwamo, ndi woopsa kuposa kusiyana kwa 93 ndi 95.

Msampha waukulu kwa ife ogula magalimoto akunja ndi woti manambala salankhula chinenero chimodzi. America imalemba avereji ya miyeso iwiri, pamene Ulaya, Japan ndi South Africa amalemba umodzi wotchedwa RON, umene umatuluka wokwererapo. Choncho 87 wa ku America amafanana ndi 91 kapena 92 wa RON, ndipo 91 wawo, amene amamutcha wapamwamba, ali pafupi ndi 95 amene ku Britain ndi petulo wamba. Ku Japan petulo wamba amayambira pa 89, pamene wodula, amene iwo amamutcha haioku, amayambira pa 96. Ngakhale kukwera kwa malo kumalowapo: Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, mpweya ndi wopepuka, n'chifukwa chake 93 amakwanira injini zambiri kumeneko, koma injini ya turbo imadzikankhira yokha mpweya ndipo mwayi umenewu suifikira mokwanira. Amene akuitanitsa Crown, Benz kapena Subaru ya turbo kudzera ku Dar es Salaam afunse wogulitsa chithunzi cha kapepala komatidwa mkati mwa chitseko cha thanki asanatumize ndalama, adziwe muyeso umene nambalayo yalembedwera, kenaka afunse kumalo omwetsera kumene azikagula kuti petulo wawo ndi wa RON ingati.