Wapolisi akakhala mwini baraka, mowa auyang'anira ndani?

ULÓNGUÈ – Tsiku la msika ku Calómuè, ku Dómuè kapena ku Lizulu, alimi akagulitsa kachewere ndi kabichi, ndalama zina zimathera m'mabaraka a mowa. Oyang'anira malonda amenewa ndi a bungwe la boma, mothandizidwa ndi apolisi a PRM. Nanga zikachitika kuti mwini baraka ndi wapolisi yemweyo?

Malamulo a mowa alipo. Mu 2013 boma lidatulutsa Decreto 54/2013 yoletsa kugulitsa mowa kwa ana osakwana zaka 18, ndipo mu 2025 lidakhwimitsanso malamulowa. Koma lamulo siliyenda lokha, limayenda ndi miyendo ya wapolisi. Iye akakhala ndi baraka lake, kapena akamalandira kenakake polondera bala ya munthu usiku, sangagwire mwana wa sukulu amene wagula kachasu pomwepo. Anzake a yunifolomu nawonso amangodutsa. Paja galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu. Amene amavutika ndi mayi wa baraka loyandikana nalo: iye amalipitsidwa, mnzake osakhudzidwa.

N'chifukwa chake mu 2012 Nyumba ya Malamulo ku Maputo idakhazikitsa Lei de Probidade Pública, nambala 16/2012, yomwe idakonzedwanso mu 2024. Mfundo yake ndi yakuti wantchito wa boma asagamule nkhani imene iye mwini kapena abale ake ali nayo phindu. Wapolisi naye ndi wantchito wa boma. Tsono kulembetsa baraka m'dzina la mkazi kapena la mwana sikuthetsa vutoli, pakuti lamulo limawerenganso abale.

Nkhani ya mowa ndi ya moyo. Mu Januwale 2015 ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa, anthu 75 adamwalira atamwa pombe pamaliro. Akatswiri adapeza kuti poizoni adachokera mu ufa wa chimanga woonongeka umene adafululira. Kukagwa zotere, mudzi umafuna wapolisi wofufuza wopanda mbali, amene sakuteteza malonda ake.

Woona zokayikitsa angathe kukanena kwa mkulu wa apolisi wa boma la Angónia, ku Procuradoria, kapena ku ofesi yolimbana ndi ziphuphu ku Tete. Ndi bwino kupita ndi mboni, kapena kutsagana ndi amfumu, ndi kutchula tsiku, malo ndi zimene zidachitika. Mlandu suwola.