Dzino likazulidwa, ntchito yaikulu imatsalira kunyumba

Dzino likayamba kuwawa usiku, nyumba yonse sigona. Ena amathira mchere pabowo, ena adyo, ena amakanikizapo mbulu wa asipirini omwe m'malo mochiza umangootcha nkhama. Ambiri amakafika kuchipatala tsaya litatupa kale, dzinolo litaoleratu moti chatsala n'kulizula basi.

M'zipatala za m'maboma, ntchito yozula mano amaigwira kwambiri ndi azachipatala omwe adaphunzira za mano ku Malawi College of Health Sciences. Madokotala akuluakulu a mano ngochepa m'dziko muno, ndipo maphunziro awo a digiri adangoyamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland. N'chifukwa chake odwala omwe vuto lawo ndi lalikulu amatumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Zomba kapena ku Mzuzu.

Si dzino lililonse lomwe limatuluka pongoligwedeza ndi chozulira. Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32, ndipo anayi omalizira kumapeto kwa nsagwada amamera mochedwa, kawirikawiri pakati pa zaka 17 ndi 25. Malo akachepa, dzino lotere limamera chogona n'kumakankha linzake, kapena limakanirira mkati mwa fupa. Kuti lichoke, dokotala amang'amba nkhama, nthawi zina n'kupala fupa pang'ono kapena kulidula dzinolo zidutswa, kenako n'kusoka. Zimateronso dzino likathyoka n'kusiya mizu. Imeneyi ndi opaleshoni ndithu, ndipo imafuna kukonzekera.

Tsiku lisadafike

Safunsa adadya phula. Wodwala ali ndi ufulu wofunsa dokotala chomwe achite, ngati amubaya jakisoni wa dzanzi kapena amugoneka tulo, komanso masiku omwe akhale osagwira ntchito. Yankho lake ndi lofunika chifukwa wobayidwa jakisoni wa dzanzi amayenera kudya kaye asadapite, poti wanjala sachedwa kuchita chizungulire pampando. Wogonekedwa tulo ndiye amauzidwa kusala chakudya kwa maola osachepera 6, kuopa kuti angasanze ali mtulo masanziwo n'kulowa m'mapapo.

Kabuku ka kuchipatala kasatsale, ndipo matenda asabisidwe. Wodwala shuga chilonda chake chimachedwa kupola ndipo sichichedwa kuchita mafinya. Yemwe magazi ake amathamanga amayezedwa kaye, ndipo akapezeka kuti akwera kwambiri, tsiku limasinthidwa. Womwa asipirini tsiku ndi tsiku kapena warfarin amataya magazi nthawi yaitali, choncho dokotala ayenera kudziwa. Koma wodwalayo asasiye yekha mankhwalawo osauzidwa. Ali pa ma ARV apitirize kumwa monga mwa nthawi zonse. Yemwe adatulukapo zidzolo kapena kubanika atamwa penisilini kapena amokisilini anene msanga.

Pali mphekesera ziwiri zomwe zimabweza anthu pakhomo pa chipatala. Yoyamba imati kuzula dzino lam'mwamba kumaononga maso, chonsecho mitsempha ya mano ndi yoonera n'zosiyana. Yachiwiri imati mayi woyembekezera sazulidwa dzino. Zoona zake n'zakuti jakisoni wa dzanzi savulaza mwana, ndipo nthawi yabwino kwambiri ndi pakati pa mwezi wachinayi ndi wachisanu ndi chimodzi. Choopsa kwa mayiyo ndi kusunga mafinya m'kamwa. Chachikulu n'kumuuza dokotala za pakatipo kuti asankhe bwino mankhwala.

Wochokera kutali akonzeretu womuperekeza ndi ndalama ya minibasi. Kupalasa njinga makilomita ambiri padzuwa utangozulidwa dzino kumayambitsanso magazi.

Maola 24 oyamba

Dzino likachoka, pabowopo pamadzaza magazi omwe amaundana. Magazi oundanawa ndiwo chivindikiro cha chilonda: amaphimba fupa ndi mitsempha, ndipo mnofu watsopano umamera pansi pake. Malangizo onse a tsiku loyamba cholinga chake n'chimodzi, kuteteza chivindikirochi.

Thonje lomwe dokotala waika lilumidwe mwamphamvu kwa mphindi 30, popanda kulitafuna kapena kucheza. Tsiku limenelo wodwala asachukuche m'kamwa, asamalavule pafupipafupi, asayamwe chakumwa ndi kapaipi, ndiponso asagwire chilonda ndi lilime, chala kapena kamtengo ka machesi. Malovu ofiirira pang'ono sachititsa mantha. Magazi akayambiranso, apinde kansalu koyera kosita, akaike pachilonda n'kuluma kwa mphindi zina 30 atakhala tsonga.

Dzanzi limatha pakapita maola angapo. Lisadathe, munthu atha kudziluma tsaya kapena kupsa ndi tiyi osamva, ndipo ana ndiwo amafunika kuwayang'anira kwambiri. Panado amwedwe dzanzi lisadatheretu, motsata muyezo. Brufen amathandiza kutupa, koma wa zilonda za m'mimba amupewe. Asipirini ayi, chifukwa amachedwetsa magazi kuundana. Kansalu konyowetsa m'madzi ozizira kapena kokulungira ayezi kaikidwe patsaya, ndipo pogona mutu utsamire mokwera.

Khasu, mtondo, ndowa ya madzi ndi matumba a pamsika zidikire masiku awiri kapena atatu. Apa ndi pomwe banja limaonekera: mayi wozulidwa dzino m'mawa asayembekezeredwe kukatunga madzi madzulo.

Chakudya ndi ukhondo

Masiku oyamba ndi a phala lozizirako, chambiko, nthochi yakupsa, mapeyala, maungu, mazira ndi mbatata yofinya. Kenako ikhoza kubwera nsima yofewa ya therere, potafunira mbali inayo. Nzimbe, chimanga chokazinga, mtedza, kanyenya, usipa wouma ndi tsabola zidikire. Mpunga ndi gaga wa m'thobwa zimakonda kulowa pabowo.

Maola 24 akadutsa, wodwala asungunule theka la supuni yaing'ono ya mchere m'kapu ya madzi owiritsa ofunda, n'kumavumata pang'onopang'ono katatu kapena kanayi patsiku, makamaka akatha kudya, kwa sabata imodzi. Mano enawo atsukidwe monga kale, mswachi ukungolambalala pachilonda.

Fodya ndiye mdani wamkulu. Kukoka utsi kumasuntha magazi oundana aja, ndipo utsiwo umachedwetsa kupola. Chivindikiro chikachoka, fupa limakhala pamtunda. Pakadutsa masiku awiri kufika anayi, ululu umabwera woposa wa dzino lija, kufika mpaka kukhutu, m'kamwa n'kumanunkha. Panado sathandiza kwenikweni. Wodwala abwerere kuti akatsuke pabowopo ndi kuikapo mankhwala. Mowa nawo udikire, makamaka kwa yemwe wapatsidwa Flagyl, poti ziwirizi zikakumana munthu amasanza ndipo mtima umagunda kwambiri.

Kutupa kumafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu, kenako kumayamba kuphwa. Ulusi wina umasungunuka wokha, wina amakachotsa pakatha pafupifupi sabata. Nkhama zimatseka pakatha masabata awiri kapena atatu, koma fupa limatenga miyezi kuti lidzaze.

Nsagwada ikathyoka

Ngozi za kabaza ndi ndewu za kumowa zimabweretsa odwala a mtundu wina: othyoka nsagwada. Ambiri amamangidwa mawaya, mano am'mwamba ndi am'munsi n'kulumana kwa masabata 4 mpaka 6 kuti fupa ligwirane. Nthawi yonseyi munthu amadalira zamadzimadzi, ndipo akapanda kusamalidwa amaonda kwambiri. Phala la Likuni kapena la mgaiwa lothira nsinjiro, mkaka, msuzi wa nyemba kapena nyama zisefedwe bwino, ndipo azimwa pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku. Mowa ndi woopsa kwa iye chifukwa akasanza kamwa lili chomangidwa atha kutsamwa. Kumasula mawaya nthawi isadakwane kumachititsa fupa kugwirana mokhota.

Nthawi yothamangira kuchipatala

Pali zizindikiro zosafunika kudikira kuti kuche: magazi osaleka ngakhale waluma nsalu kawiri, kutentha thupi, mafinya, kutupa komwe kukukulirakulira tsiku lachitatu litadutsa kapena kukufika kudiso, ndi kulephera kumeza kapena kupuma. Kutupa kotsikira pansi pa lilime ndi kukhosi kumatha kutseka njira ya mpweya, ndipo kwapha anthu omwe ankaona ngati ndi dzino chabe. Dzanzi la mlomo likapitirira mpaka tsiku lotsatira, nalonso likanenedwe.

Chipatala chikakhala kutali, achibale asunge ndalama ya ulendo wachiwiri kufikira sabata yoyamba itatha.