Kumvetsa Kalata ya Kuchipatala: Chotupa cha GIST

Aphunzitsi, m'mudzi anthu amakudalirani kuwerenga makalata a Chingerezi. Tiyerekeze kuti kholo lakubweretserani pepala la mwana wawo wogwira ntchito ku Johannesburg, yemwe anamuchita opaleshoni pa chipatala cha Chris Hani Baragwanath ku Soweto. Papepalapo palembedwa kuti GIST. Kholo lili ndi funso limodzi basi: kodi chotupacho chidzabweranso?

GIST ndi khansa yosapezeka kawirikawiri. Imayambira m'khoma la chifu kapena la matumbo, m'maselo amene amathandiza kukankha chakudya. Zotupa zoterezi zoposa theka zimamera m'chifu. Akachichotsa, madokotala amayang'ana zinthu zinayi: kukula kwake, malo amene chinamera, kufulumira kwa maselo pogawikana, ndiponso ngati chinaphulika.

Ambiri timathamangira kukula. Koma nambala yolemera kwambiri ndi imene papepala amaitcha mitotic count. Katswiri amaika kachidutswa ka chotupa pa maikulosikopu n'kuwerenga maselo amene wawapeza akugawikana pa malo okwana 5 mm². Malire ake ndi 5. Taonani zimene Miettinen ndi Lasota anafalitsa mu 2006. Chotupa cha m'chifu choposa masentimita 10, maselo ogawikana osapitirira 5, chinafalikira mwa odwala 12 pa 100 alionse. Chotupa chachikulu chimodzimodzi, koma maselo opitirira 5, chinafalikira mwa odwala 86 pa 100. Kukula n'kumodzi, koma tsogolo n'losiyana kutalitali! Malo nawo ndi nkhani: chotupa choyamba chija chikanamera m'matumbo aang'ono, nambala ikanakwera kuchoka pa 12 kufika pa 52. Chikaphulika, ngakhale chichepe, wodwala amawerengedwa kuti ali pachiopsezo chachikulu.

Kugawa kumeneku sikongolemba chabe. Amene ali pachiopsezo chachikulu amapatsidwa mapiritsi a imatinib kwa zaka zosachepera zitatu, pokhapokha ngati kuyeza kwaonetsa kuti chotupacho ndi cha mtundu wosamva mankhwalawa. Wodwala akaganiza zobwerera kumudzi, ayambe wafunsa dokotala komwe azikalandirira mankhwala, ndipo atenge mapepala ake onse.

Ine ndimati musamawerengere kholo nambala zokhazokha ayi. Mawu akuti 86 pa 100 akunena za gulu la odwala akale, ambiri a iwo asanayambe kulandira imatinib, osati za mwana wawo yekha.

Ntchito: Jambulani timabokosi 100 pabolodi, mudetsepo 12. Lembani ziganizo zitatu zimene mungauze kholo losadziwa kuwerenga, popanda kuliopseza kapena kulinamiza.