Nkhuku yopanda mwini ya m'dambo la kwa Kanduku

Ndinapita kwa Kanduku ku Mwanza ndi mayi wina wa geni ya manachesi, ine cholinga changa chili kulemba za mitengo ya zipatso. Koma nkhani ndinakaipeza kudambo, pomwe mnyamata wina ankadula bango lolukira mphasa.

Mkati mwa bangolo munali chisa, mulu wa masamba ouma wokhala pamwamba pa madzi, muli mazira 6 a mawangamawanga. Mwini wake anali pataliko akuyenda mogwedeza mchira: mbalame yakuda, mlomo ndi chipumi zofiira, kunsonga kwa mlomo kwachikasu, pansi pa mchira poyera. Azungu amati moorhen. Ife tingoti nkhuku ya m'madzi, poti imayendadi ngati msoti.

Abale, banja la mbalame iyi ndi lochititsa manyazi abambo ena. Tambala ndi thadzi amasinthana kukhalira mazira kwa masabata atatu. Madzi akayamba kukwera, amaonjezera zinyalala kuti chisa chikwere nawo. Anapiye amaswa ali bii ngati makala, ndipo posakhalitsa amayamba kusambira. Chodabwitsa zedi n'chakuti makolo akaswanso kachiwiri, ana oyamba aja amathandiza kudyetsa azing'ono awo. Koma musaitame kwambiri ayi. Thadzi lina limazemba n'kukaikira dzira m'chisa cha mnzake kuti amulerere. Katangale ali ndi m'dambo momwe!

Adani ndiye ngosawerengeka. Ng'anzi imakwera pachisa n'kumeza mazira onse. Khwangwala amadikira kuti kholo lichoke. Anapiye akalowa m'madzi, pansi pali mlamba, kumwamba kuli mphamba, kumtunda kuli agalu ndi amphaka a m'mudzi. N'chifukwa chake imaikira mazira ambiri, kuti ena apulumuke.

Chida chake chachikulu ndi bango lomwelo. Likadulidwa, kapena likatenthedwa ndi osaka mbewa, chisa chimakhala poyera ndipo khwangwala savutikanso. Dambo likasanduka dimba la tomato mpaka m'mphepete mwa madzi, mbalameyi imasamuka. Tomato ndi mphasa zomwezo ndi zimene inu mukugulitsa ku Limbe ndi ku Ndirande, ndipo sindikukunenani, geni ndi geni. Ku Nyanja ya Chilwa, yomwe inalowa m'pangano la Ramsar, mbalame za mtundu umenewu zimakodwa m'misampha zambirimbiri n'kukagulitsidwa ngati ndiwo, mpaka alenje anachita kupanga magulu oika malire.

Ndinam'pempha mnyamata uja kuti asiyeko bango lozungulira chisacho. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato, n'kuseka.

"Achimwene, inu mwadya kale. Mtolo uwu ndi ufa wa lero."

Anasiyadi kachigawo kakang'ono, mwina pondimvera chisoni. Tikunyamula madengu a manachesi kupita kumsewu, ndinaona makwangwala awiri atatera mu mtengo wa mango pafupi pomwepo.