Kutsuka Mainjekita a Galimoto Pakhomo: Zimatheka, Koma Samalani Moto

Anzanga, galimoto zimene zimayenda mumsewu wathu wafumbiwu mukuzidziwa: tima Sienta, ma Probox ndi ma Freed, zambiri zochokera ku Japan zitagwira kale ntchito. Zimenezi ndi zomwe zimathamangira ndi wodwala kuchipatala usiku, zimanyamula matumba a feteleza, ndipo ena mwa ife fizi yathu imachokera momwemo. Ndiye imodzi ikadwala, amene amavutika si mwini wake yekha.

Matenda ofala ndi awa: injini imanjenjemera galimoto ikaima, imavuta kulira m'mawa, ikafika pachitunda imafooka, ndipo imamwa petulo ngati thanki yabooka. Nthawi zambiri mlandu umagwera kachipangizo kotalika ngati chala kotchedwa injekita. M'magalaja akuluakulu a m'tauni muli makina otsukira mainjekita, koma kuno kulibe, choncho amakaniko amadzipangira chida chawo. Ine ndimathandiza amalume anga pa ntchitoyi Loweruka, ndipo zimene ndalemba pano ndi zimene ndimaona ndi kufunsa. Ndinene poyamba: chidacho chimagwiradi ntchito, koma chikapangidwa mosasamala chimaotcha munthu.

Injekita ndi chiyani?

Injini ya petulo imafuna mpweya ndi petulo zosakanizidwa mwamuyezo, pafupifupi magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Kale ntchito yosakanizayi inali ya kabuleta, ngati imene ili pa njinga zamoto zambiri za kabaza. M'galimoto za masiku ano muli mainjekita, imodzi pa silinda iliyonse. Injini ya masilinda 4 ili ndi mainjekita 4.

Mkati mwa injekita muli zinthu zitatu zofunika: koyilo ya waya wopyapyala, kasingano kachitsulo kotseka pakamwa, ndi kasipuling'i kokankha kasinganoko. Kompyuta ya galimoto ikatumiza magetsi, koyilo ija imasanduka maginito n'kukoka kasingano. Pakamwa patseguka, petulo watuluka. Magetsi akaduka, sipuling'i imabweza kasingano, patsekeka. Ndi maginito omwe aja timapanga mu Physics pokulunga waya pa msomali, kungoti awa ndi achangu zedi. Injini ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi, injekita iliyonse imatseguka ka 1,500, chifukwa imatseguka kamodzi injini ikazungulira kawiri. Gawani ndi 60, mupeza ka 25 pa sekondi imodzi!

Pampu ya mu thanki imakankha petulo pa puresha ya ma bar 3 kapena kuposerapo pang'ono. Kuti mumvetse, tayala la galimoto yaing'ono timalipopa ma bar 2 ndi pang'ono. Petuloyo amatulukira pa timabowo tosakwana ngakhale theka la milimita, ndipo amatuluka ngati nkhungu. Nkhungu imeneyi ndi imene imayaka bwino, monga mmene tinkhuni towaza timayakira msanga kuposa chipika.

Chimaitseka n'chiyani?

Choyamba ndi kutentha. Dalaivala akazimitsa injini, kadontho kotsalira pakamwa pa injekita kamauma n'kusiya utomoni. Lero pang'ono, mawa pang'ono, mapeto ake timabowo tija tachepa.

Chachiwiri ndi zinyalala. Mafuta akasowa pa filing'i sitesheni, anthu amagula a m'zigubu, ndipo chigubu china dzulo munali madzi, china munali parafini, china chinagona pafumbi chosatseka. Pamwamba pa injekita pali kasefa kakang'ono, ndipo mchenga ndi dzimbiri zimakaunjikana pamenepo.

Chachitatu ndi madzi. Kuno ku Malawi petulo amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982. Ethanol ameneyu amapangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa kuchokera ku zotsalira za nzimbe akapanga shuga. Payekha alibe vuto, koma amakoka chinyezi. Petulo wotere akakhala nthawi yaitali m'chigubu chosatseka bwino amatenga madzi, ndipo madzi pa chitsulo mukudziwa kale chimene amabala.

Injekita yotsekeka imapereka petulo wochepa, silinda yake n'kumatentha mopitirira muyezo. Ina imakanika kutsekeka n'kumadontha, petulo n'kumatsuka oyilo m'mbali mwa silinda. Zonse ziwirizi zikalekereredwa zimapha injini, ndipo mtengo wa injini si wa masewera.

Musanamasule chilichonse

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Pulagi yotha, koyilo ya moto yofooka, sefa ya mpweya yodzadza fumbi kapena pampu yotopa, zonsezi zimaonetsa zizindikiro zofanana ndi za injekita yakuda. Ndiye makaniko wabwino amayamba waona zimenezi.

Kenako amamvetsera. Injini ikulira, amagunditsa nsonga ya sikuludiraiva yaitali pa injekita, chogwirira chake n'kuika pakhutu. Yamoyo imamveka kuti tiki-tiki-tiki mosadukiza. Akatero amazimitsa injini, amachotsa waya wa injekita, n'kuyeza koyilo ndi mita ya magetsi. Mainjekita ambiri a galimoto zazing'ono za petulo amaonetsa pakati pa ma ohm 12 ndi 16. Imodzi ikasiyana kwambiri ndi zinzake, kapena mita ikapanda kuonetsa kanthu, ndiye kuti koyilo yapsa. Yotereyi ngakhale mutaitsuka tsiku lonse siidzuka, imafunika ina basi.

Pochotsa, injini ikhale itazizira. Kumbukirani kuti mu paipi muli petulo wa puresha ngakhale galimoto ili chizimire. Amazula fyuzi ya pampu, amaliza injini mpaka izime yokha, kenako amachotsa waya wa negativi ku batire. Akatulutsa mainjekita amawalemba manambala 1 mpaka 4 kuti adziwe kumene iliyonse inachokera.

Chida chake

Zofunika si zambiri: paipi ya petulo yotalika masentimita 30, valavu ya tayala la chubulesi, zomangira zachitsulo ziwiri, pampu ya phazi yokhala ndi geji, mankhwala a m'chitini otchedwa carb cleaner, batire la njinga yamoto la mavoti 12, batani la hutala, pulagi ya waya ya injekita yochotsa pa galimoto yakufa, mawaya awiri otalika mamita 3, ndi botolo lagalasi loonekera mkati.

Mbali imodzi ya paipi imavekedwa pamutu pa injekita, mbali inayo valavu, ndipo konseko kumamangidwa ndi zomangira zachitsulo. Osamanga ndi malegeni, ndipo paipi yothirira m'dimba siyenera, chifukwa mankhwalawa amadya labala ndi pulasitiki wamba. Paipi ikafwamphuka pa ma bar 3, mankhwala onse amathera kumaso.

Tsopano mvetsetsani apa, chifukwa mpamene pagona nkhani. Anthu ena amangotenga mawaya awiri kuchokera ku batire n'kumagunditsa pa injekita ndi manja. Waya akagunda chitsulo kapena akachoka, pamathetheka kamoto. Kamoto kameneko kali pafupi ndi nkhungu ya mankhwala oyaka. Mkati mwa injini zimenezi ndi zomwe zimaphulika n'kuyendetsa galimoto, eti? Ndiye inu mwazipangira m'manja mwanu. N'chifukwa chake mawaya ayenera kukhala aatali, pa injekita pakhale pulagi yake yeniyeni yogwira zolimba, ndipo batire ndi batani zikhale kutali, mbali imene mphepo ikuchokera.

Ntchitoyi ndi ya panja, pamthunzi, kutali ndi khitchini, mbaula ndi osuta fodya. Mpweya wa petulo ndi wa mankhwalawa ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma, choncho umakwawa pansi osaoneka mpaka ukapeze moto pamene uli. Pambali pakhale ndowa ya mchenga, osati ya madzi. Petulo amayandama pamadzi, ndiye mukathira madzi mwangouthandiza motowo kuyenda. Kumaso kukhale magalasi otchinga, ana aang'ono ndi nkhuku zipite uko. Ndipo iyi si ntchito yoti mwana wa sukulu apange yekha makolo atapita kumunda. Pakhale wamkulu wodziwa.

Katsukidwe

Amamasula kamtima ka valavu, amathira mankhwala mu paipi mpaka theka, amabwezera kamtimako. Paipi imaimikidwa chilili, injekita pansi italoza m'botolo, kuti mankhwala akhale m'munsi, mpweya pamwamba. Amapopa mpaka geji ifike ma bar 3, osapitirira. Kenako wina amadina batani n'kusiya, kudina n'kusiya, ngati akugogoda pachitseko.

Bwanji osangodina mpaka kalekale? Tiyeni tiwerengere. Mavoti 12 kugawa ndi ma ohm 12 ndi ampeya imodzi. Ampeya imodzi kuchulukitsa ndi mavoti 12 ndi mawati 12. Kutentha konseko kukuchitika mu kakoyilo kochepa ngati nsonga ya chala, ndipo mankhwala akatha mu paipi palibenso chokaziziritsa. Kakapsa, mwaononga injekita imene inali yakuda chabe. Palinso mainjekita ena amene mita imaonetsa pansi pa ma ohm 5. Amenewa osawalumikiza ku batire mwachindunji, chifukwa ya ma ohm 3 ingakoke ma ampeya 4, ndipo ingapse msanga.

Ulendo woyamba mankhwala amatha kutuluka mokhota, kapena ngati madzi a pampopi. Amaisiya mphindi zingapo kuti utomoni ufewe, n'kubwerezanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kenako amaitembenuza, paipi n'kuiveka kukamwa, kuti mankhwala ayende chobwerera m'mbuyo n'kutulutsa zinyalala za pa kasefa kaja. Ngati kasefa katsopano kalipo, kakale amakazula ndi sikuluwu yamatabwa n'kuikapo kena. Ngati kalibe, ndi bwino kukasiya momwemo kusiyana n'kuyendetsa galimoto popanda sefa.

Zoletsedwa ndi izi: kutokosa timabowo ndi singano kapena waya, kupala pakamwa ndi sandipepa, kuviika mu asidi wa batire kapena soda, ndiponso kumiza mbali ya magetsi m'mankhwala. Bowo likakula ngakhale pang'ono silibwereranso, ndipo injekitayo izimwa petulo moyo wake wonse.

Mudziwa bwanji kuti yayera?

Kungoona kuti ikutulutsa sikokwanira. Pali mayeso atatu. Oyamba ndi a maso: ituluke nkhungu yofanana mbali zonse, ndipo mainjekita onse azipopera mofanana. Achiwiri ndi a kudontha: popani ma bar 3, osadina batani, pukutani pakamwa, dikirani mphindi imodzi. Pakhale pouma. Ikamadontha ngakhale mutaitsuka kawiri, ndiye kuti kasingano kadyeka. Achitatu ndi a muyezo: injekita iliyonse iyambe ndi mankhwala ofanana ndi puresha yofanana, batani lidinidwe mofanana, tinene ka 20, ndipo zotulukazo ziyezedwe mu sirinji ya manambala. Sirinjiyo ikhale yatsopano yogula kufamase, osati yotola kudzala la chipatala. Zitatu zikapereka mamililita ofanana, imodzi n'kutsalira kutali, mwapeza yodwala.

Tisanamizane, muyezo wa pakhomo ndi wongoyerekeza, chifukwa chala cha munthu sichidina mofanana ngati kompyuta. Makina a m'tauni amatsegula mainjekita onse nthawi imodzi, komanso amawatsuka m'kabeseni kamene kamagwedeza mankhwala pafupifupi ka 40,000 pa sekondi, mpaka utomoni wa mkatikati umachoka. Ndiye ngati mwatsuka kawiri koma palibe kusintha, ndalama ya ulendo wa kutauni ndi yochepa poyerekeza ndi injini.

Pobwezera, timphete talabala ta kumutu ndi kumunsi tikhale tatsopano, topakidwa kaoyilo pang'ono kuti tisang'ambike. Akamanga zonse ndi kubwezera fyuzi ndi batire, amatembenuza kiyi osaliza injini, kawiri kapena katatu, n'kuyang'ana ndi kununkhiza. Pakanyowa paliponse, galimoto isalire. Petulo wodonthera pa injini yotentha amayatsa galimoto yonse.

Apa pokha osayesa

Zonse ndanenazi ndi za mainjekita wamba a petulo. A dizilo ndi nkhani ina. Ngakhale akalekale amatseguka pa ma bar oposa 100, ndipo a galimoto zatsopano amapitirira 1,000. Dizilo wa puresha yotere amaboola khungu n'kulowa m'thupi. Kunja kabala kamaoneka ngati kobayidwa ndi minga, koma mkati mnofu ukufa, ndipo munthu amatha kudulidwa chala. Zikachitika, ndi kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti kutupe. Chimodzimodzi injini za petulo zolembedwa D-4 kapena GDI pachivundikiro. Izi zimapopera petulo mkati mwenimweni mwa silinda pa puresha yaikulu kwambiri, ndipo pampu ya phazi ilibe nazo ntchito.

Kwa inu amene kwanu kuli galimoto, kauzeni akuluakulu kuti kupewa n'kotchipa. Chigubu cha petulo chikhale cha petulo yekha, chotseka bwino. Pothira, pa fanelo pakhale kansalu koyera kosefera. Sefa ya petulo isinthidwe nthawi yake ikakwana. Ndipo chizolowezi choyenda thanki ili pafupi kuuma chimatopetsa pampu, chifukwa petulo yemweyo ndi amene amaiziziritsa.

Ndili ndi injekita imodzi yakufa imene amalume anandipatsa. Amene akufuna kuona timabowo take ndi kasefa kaja andipeze pa buleki ku Fomu 2. Mubwere ndi maso akuthwa, timabowoto n'tating'ono zedi.