Kukonza Peugeot 504 ngati nyumba imene mukugonamo

Munthu amene ali ndi nyumba imodzi yokha sasasula denga lonse tsiku limodzi. Amayamba wayang'ana mitambo, n'kuwerenga malata amene ali nawo ndi ndalama zimene zatsala, kenako amasasula mbali yokhayo imene akudziwa kuti aifolera dzuwa lisanalowe. Usiku ana ayenera kugona pouma. Mwezi wamawa, ndalama zikapezeka, adzapita mbali ina. Nyumba imakonzedwa ndithu, koma pakhomo moto suzima ngakhale tsiku limodzi.

Nzeru yomweyi ndi imene imapulumutsa magalimoto akale. Pali njira ziwiri zowabwezeretsera mwakale. Yoyamba ndi kuphwasula galimoto yonse mpaka kutsala chigoba, n'kuyamba kumanga chimodzichimodzi. Njira imeneyi imafuna galaja yotseka, ndalama zokhala kale m'thumba, ndi galimoto ina yoperekera ana kusukulu. Ambiri aife zitatuzi tilibe. N'chifukwa chake m'makomo ambiri m'matauni athu muli magalimoto okhala pa njerwa, udzu utamera mpaka m'zitseko, nkhuku zikuikira pampando wakumbuyo. Eni ake sanali aulesi ayi. Anamasula zambiri kuposa zimene akanatha kumanga, ndalama zinathera panjira, chitini cha mabawuti chinasowa, ndipo ntchito ya miyezi itatu inagonera zaka. Njira yachiwiri ndi imene ndikuiikira kumbuyo: kukonza pang'onopang'ono galimoto ili pamsewu, Lolemba lililonse ikulira n'kutuluka pageti.

Titenge Peugeot 504, galimoto imene akuluakulu ambiri kuno amaitchula mwaulemu. Inatuluka ku France mu 1968, ndipo mu 1969 inasankhidwa kukhala galimoto yopambana ya chakacho ku Ulaya. Koma kumene inazika mizu ndi kuno ku Africa, chifukwa masipuling'i ake aatali ankameza mabampu a misewu yafumbi popanda kupweteka misana ya okwera. Mu 1975 Ove Andersson anapambana nayo mpikisano wa Safari Rally ku Kenya. Ku France anasiya kupanga ya zitseko zinayi mu 1983, koma ku Kenya anapitiriza kuilumikiza mpaka 2004, ndipo ku Nigeria mpaka 2006. Kwa munthu wokonza pakhomo, mbiri imeneyi ndi chuma, chifukwa ikutanthauza kuti masipeyala anapangidwa ambiri kwa zaka zambiri, ndipo amakaniki amene anakulira pa injini imeneyi akadalipo. Mulibe kompyuta m'galimotoyi. Zambiri za petulo zili ndi kabuleta wamba, moti masipanala, jeke yabwino ndi khutu lomva bwino zimakufikitsani patali.

Lamulo loyamba ndi la wofolera denga uja: musamasule chimene simungathe kumanga Lamlungu lisanathe. Ntchito iliyonse iyambe Loweruka m'mawa zipangizo zonse zili pamphasa, osati kumasula kaye kenako n'kuyamba kuzungulira m'misika kufunafuna gasiketi. Musanagwire sipanala, jambulani malowo ndi foni, kuti podzabwezera mudziwe kumene waya aliyense ndi sipuling'i iliyonse zinali. Mabawuti muziwabaya pa katoni motsatira mmene anakhalira pagalimoto, n'kulemba dzina pambali. Pokonza mabuleki, malizani gudumu limodzi linzake lisanamasulidwe, kuti likhale chitsanzo chanu mukasokonezeka, koma musatuluke pageti mbali zonse ziwiri zisanathe, chifukwa galimoto idzakokera mbali imodzi mukadzaponda buleki. Ndipo musalowe pansi pa galimoto imene yangodalira jeke kapena njerwa. Jeke imatsika yokha, njerwa imaphwanyika mosachenjeza. Chirikizani ndi zitsulo zopangidwira ntchitoyo kapena zipika zazikulu za mtengo wolimba, pamalo osalala, magudumu otsalawo mutawapinga.

Funso lachiwiri ndi la poyambira. Mwini nyumba wanzeru sagula laimu pamene mtanda wa denga ukulendewera pamwamba pa bedi la ana. Amayamba ndi zimene zingaphe munthu. Pa galimoto, zimenezi ndi mabuleki, chiwongolero ndi matayala. Mafuta a mabuleki amamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo akakhalitsa amadyetsa mapaipi dzimbiri kuchokera m'kati, komanso amawira msanga potsika phiri, phazi n'kungolowa mpaka pansi. Asintheni zaka ziwiri zilizonse. Mapaipi a labala opita ku magudumu amatha kuoneka abwino kunja koma atatupa m'kati, ndiye pa galimoto ya zaka makumi anayi ndi bwino kungowasintha onse. Kwezani gudumu lakutsogolo, ligwireni ndi manja awiri n'kuligwedeza uku ndi uku, m'mwamba ndi pansi. Mukamva kugogoda, ndiye kuti mfundo za chiwongolero kapena mabering'i atha. Tayala nalonso limakalamba ngakhale mizere yake ikadali yakuya. Pambali pake pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka limene linapangidwa: 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lodutsa zaka khumi, kapena long'aluka m'mbali, si loyendera pamsewu waukulu. Onjezerani nyali, mawaipa ndi hutala, ndipo mudzapeza kuti zambiri zofunika kuti galimoto ilandire satifiketi ya COF mwazimaliza nthawi yomweyo.

Mukachoka apo, funani chiswe. Aliyense amene anagonapo m'nyumba ya mitengo akudziwa kuti chiswe chimadya m'kati n'kusiya khungu looneka bwino, mpaka tsiku limene chala chimangolowa mu mtanda. Dzimbiri limachita chimodzimodzi, ndipo pa 504 ya zitseko zinayi nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa ilibe chasisi chapadera ngati lole. Thupi lake lomwelo ndi limene limanyamula injini, masipuling'i ndi anthu. Chotsani makapeti onse, tengani sikuludilaiva, n'kumabaya pansi pamene pamaponda mapazi, chitsulo chachitali cha m'munsi mwa zitseko, pansi pa buti, malo oikapo jeke, ndi pamwamba pamene masipuling'i akutsogolo amamangirira m'boneti. Chitsulo chabwino chimalira ngwee, chodyeka chimalira ngati katoni ndipo chimayoyoka. Yendetsaninso maginito m'mbali mwa galimoto. Pamene sakugwira, pali phala limene wina anamata kuti abise bala.

Musathamangire kwa wowotcherera musanapeze kumene madzi akulowera, monga mmene simungasinthire mtanda wowola n'kusiya lata lobooka pamwamba pake. Kawirikawiri madzi amadzera pa labala wouma wa galasi lakutsogolo kapena lakumbuyo, pena amakhazikika m'zitseko chifukwa timabowo totulutsira madzi m'munsi mwake tatsekeka ndi matope. Kawaya kakang'ono kamatsegula timabowoto pa mphindi zochepa, ndipo kantchito kameneka kamapulumutsa chitseko chonse. Pamene padyeka kale, mankhwala ake ndi amodzi: kudula mpaka kufika pachitsulo chamoyo, kuwotcherera chigamba chatsopano, n'kupaka penti yoteteza mbali zonse ziwiri. Kumata phala pamwamba pa dzimbiri ndi chikomekome cha mkuyu. Ntchito imeneyi ichitike m'chilimwe, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, chigamba chimodzi pa ulendo umodzi. Powotcherera, chotsani mawaya a batire, tulutsani makapeti ndi chilichonse chogwira moto, talikirani thanki ndi mapaipi a petulo, ndipo wina aime pafupi ndi chozimira moto.

Kenako bwerani ku madzi ndi moto za m'nyumbamo, ndiko kuti rediyeta ndi njira ya petulo. Injini ya petulo ya 504, monga ya 1971 cc imene ili yofala, ili ndi buloko yachitsulo ndi hedi ya aluminiyamu. Ikangotentha mopitirira, hedi imapindika, gasiketi imapsa, ndipo ndalama za chaka chonse zimathera pomwepo. Tsukani rediyeta, sinthani mapaipi ofewa kapena ong'aluka, ndipo musamathire madzi a pachitsime okhaokha, chifukwa amasiya mchere umene umatseka timipata. Sakanizani ndi mankhwala a m'rediyeta oteteza dzimbiri. Chizolowezi chochotsa thermostat poti kuno n'kotentha chimangobisa vuto lenileni, ndipo injini yochedwa kutentha imamwa petulo wambiri n'kutha msanga. Mukadzafika pochotsa hedi, kumbukirani kuti mapisitoni a injini imeneyi amayenda m'masilivu ochotseka, ozunguliridwa ndi madzi. Muwapanikize ndi mabawuti ndi mawashala aakulu musanatembenuze injini, apo ayi amasuntha, zomatira za m'munsi mwake zimasokonekera, ndipo madzi amayamba kulowa mu oyilo.

Za petulo zili ndi nkhani yakeyake kwathu kuno. Kuyambira mu 1982, pamene ku Dwangwa anayamba kupanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, petulo wa m'Malawi amakhala wosakaniza. Ethanol amaumitsa ndi kung'alula labala wakale, amakoka chinyezi, ndiponso amakokolola litsiro la m'thanki n'kulipititsa ku kabuleta. Paipi yong'aluka ikamadontha pafupi ndi ekizozi yotentha, galimoto yonse ingapse mwini akuona. Mapaipi atsopano opirira ethanol ndi fyuluta imodzi yoonekera m'kati ndi zotsika mtengo poyerekeza ndi zimene zimateteza. Mukamva fungo la petulo m'galimoto, imani, musanene kuti ndi mmene magalimoto akale amanunkhira.

Apa ndi pamene ubwino waukulu wa njira imeneyi umaonekera. Wogona m'nyumba ndi amene amadziwa pamene pakudontha, chifukwa mvula ya usiku imamuuza. Galimoto yoyenda nayonso imalankhula. Potuluka m'mawa imakuuzani za batire ndi mapulagi, pa mabampu imakuuzani za mabushi, pachitunda chonga cha Chiweta imakuuzani zoona zake za rediyeta ndi kilatchi. Mukasintha chinthu chimodzi n'kuyenda nayo sabata yathunthu, mumadziwa ngati mwachiza kapena ayi. Mukasintha zinthu khumi nthawi imodzi, injini n'kukana kulira, simudziwa kuti wolakwa ndi uti. Sungani kope m'galimotomo, muzilemba tsiku, makilomita, chimene mwasintha ndi chimene mwamva. Pamene galimoto yoima imaonongeka osayenda n'komwe: mabuleki amagwirana, malabala amauma, petulo amavunda m'kabuleta, makoswe amadya mawaya. Nyumba yopanda anthu imagwa msanga kuposa yogonamo, ndipo ichi aliyense wakumudzi anachionapo.

Nanga ntchito zazikulu zosatheka pa masiku awiri, monga kumanganso injini kapena giyabokosi? Womanga wochenjera amaumba njerwa zonse n'kuziotcha asanagwetse khoma lakale. Inunso pezani injini ina ya galimoto imene inafa, muiike pa tebulo lolimba pakhonde, muziimanga pang'onopang'ono monga mmene ndalama zikupezekera, yakaleyo ikukuyendetsani. Ikatha, itanani makaniki ndi anthu awiri amphamvu, musinthanitse pa Loweruka limodzi. Pogula masipeyala, nyamulani chakalecho m'manja kuti mukayerekezere, chifukwa galimoto imene inapangidwa kwa zaka zoposa 35 m'mayiko osiyanasiyana inasinthasintha. Kumbuyo kwa zina za zitseko zinayi gudumu lililonse limayenda palokha, pamene zina, pamodzi ndi 504 yaitali ya banja ndi pikapu, zili ndi ekiselo imodzi yolimba, ndiye zitsulo zake sizilowana. Ndipo chakale musachitaye msanga. Zambiri za nthawi imeneyo, monga kabuleta, sitata ndi pampu ya petulo, zinapangidwa kuti zizitsegulidwa n'kukonzedwa.

Penti ibwere pamapeto penipeni, pamodzi ndi mipando ndi zonyezimira. Apa mpamene ambiri amagwa, chifukwa penti ndi imene anthu amaona, ndipo mtima umafuna kuyamikiridwa msanga. Njira yapang'onopang'onoyi ili ndi mtengo wake, ndipo ndi bwino kuuvomereza poyamba. Kwa nthawi yaitali galimoto yanu idzayenda ndi zigamba zotuwa, chitseko china cha mtundu wina, anthu pa depoti akuilozerana. Ntchito zina mudzazigwira kawiri, chifukwa chimene munamanga mwezi watha chidzafunika kuchotsedwanso kuti mufike pachina. Amene ali ndi galaja ndi ndalama adzamaliza yowala kuposa yanu. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo inu tsiku lililonse la ntchitoyi mudzakhala muli ndi galimoto.

Palinso tsiku limene mwini nyumba woona mtima amasamutsa banja lake, akaona kuti khoma lapendekeka ndipo kuchirikiza sikuthandizanso. Mukapeza kuti dzimbiri ladya pamene masipuling'i kapena chiwongolero zimamangirira, kapena mabuleki akutaya mafuta ndipo chosinthira simunachipeze, ikani makiyi m'kabati, mukwere minibasi mpaka ntchitoyo ithe. Lemberanitu tsiku lomaliza, zipangizo mugulirenitu, ndipo musamasule china chilichonse pa nthawiyo poti galimoto yaima kale. Cholinga chosunga 504 pamsewu n'chakuti izitumikira anthu monga mmene inapangidwira: kupititsa mayi kuchipatala, kunyamula matumba a chimanga, kufikitsa abale kumaliro ndi kuukwati. Anthu amenewo akamakwera amakhulupirira kuti zimene zili pansi pawo munaziona ndi maso anu n'kuzimanga ndi manja anu, ndipo musawaike moyo pachiswe chifukwa chofuna kuti galimoto isaime sabata imodzi.